Tsamba la Amalume a ku Ntaja

Amalume anga a Yahaya ndiwo eni mbumba, ndipo pa foni sazungulira. "Asiyatu, sukulu yosaoneka ndi masoyo usiye. Ubwere kumudzi, mwamuna tamupeza. Ngati chilipo chimene ukuphunzira, ndichione."

Mkati mwa sabata ndimasita zovala m'nyumba ina ku Silverton, kuno ku Joni. Loweruka ndimakwera tekisi kupita ku Pretoria West, m'chipinda cha pamwamba pa galaja, kumene a Naomi, mayi wa ku Zomba, amatiphunzitsa React, chida chopangira masamba a pa intaneti. Umaumba kachidutswa kamodzi, kaya batani kaya bokosi la chithunzi, n'kumakayala paliponse ngati njerwa za chikombole chimodzi.

Ndinawapangira amalumewo tsamba, lokhala ndi dzina lawo ndi chithunzi cha shedi yawo yokonzerako njinga ku Ntaja. Pa kompyuta linkaoneka bwino zedi. Ndinakopera adilesi yake n'kuwatumizira, mapewa ali m'mwamba.

Amalume anaimba ndili m'kalasi. "Ndakwera pachulu pamene pamagwira netiweki. Palibe chatseguka. Sukulu yako ija ndi imeneyi?"

A Naomi anasuzumira adilesiyo n'kuseka. "Eish, achemwali, mwaitana alendo chitseko chili chokhoma. Tsambali likadali m'mimba mwa kompyuta inoyi, kunja silinatuluke. Auzeni asatsike pachulupo."

Anandiimirira kumbuyo n'kumandiuza podina, koma kompyutayo sanaikhudze. Tsamba linakwera pa intaneti, adilesi yatsopano inabwera, ndinaitumiza.

Ndinabwezera foni kukhutu. Ndinkangomva mphepo ndi mbuzi chapatali.

"Iyi ndi shedi yanga," anatero amalume motsitsa mawu. Kenako anakhosomola. "Koma walemba njinga zakapalasa zokha. Zamoto ndinayamba chaka chatha. Ukufuna anthu azinditenga wotsalira?"

Ndinakonza mzerewo n'kutumizanso. "Dikirani pang'ono. Tsopano kokerani chala pansi."

"Zasintha." Anapumira m'mwamba. "Iwe, foni ili m'manja mwanga muno. Waikhudza bwanji uli ku Joni?"

Njira yake ndinali nditangoiphunzira kumene. Ine sindine munthu wonjenjemera ndi zazing'ono. Ndinayang'ana zala zanga, zopsa ndi simbi, zimene zinali zitangolemba mawu pano, pansi pathu makaniko akumenya chitsulo, mawuwo n'kudumpha Limpopo ndi Zambezi kukatera pachulu cha ku Ntaja amalume asanasinthe mwendo woimira. Thupi lonse linachita tsembwe.

"Mwamuna uja," anatero amalume, "ndimuuza adikire."

"Asadikire, amalume."

Mbuzi ija inaliranso. A Naomi anayang'ana kudenga ngati sakumva.

"Chabwino, asadikire. Koma chithunzicho uchotse. N'chakale, shediyo ndinafolera malata."