Chidutswa cha Pakona

Bambo anga, a Watson, anabwera kuno ku Bolton mu Epulo 2004 kudzationa, ndipo mwezi usanathe tinali titakangana kale kangapo. Nkhani yake shuga. Munthu wodwala matenda a shuga, maso ayamba kale kuchita chifunga, koma tiyi akufuna wa masipuni anayi! Ine ndine nesi, ndipo pa zimenezi sindinyengerera munthu, kaya ndi kholo. Botolo la shuga ndinalibisa pamwamba pa kabati. Iwo ankauza amuna anga, a Wilfred, kuti anabereka wapolisi.

Viza yawo inkatha mu Okutobala. Adokotala anali atandiuza kale za impso zawo, ndipo ndinkadziwa kuti akakwera ndege sindidzawaonanso ali moyo. Koma ndinali ndi nkhani imene ndinakhalira zaka makumi awiri ndi zisanu, ndipo masiku oinenera anali kutha.

Bambo anagwira ukhukhi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi pa banja la Agiriki ku Limbe. Ife tinkakhala m'kanyumba ka antchito kuseri. Kukamabwera alendo olemekezeka ankaphika keke ya walinati, mtedza wamakwinya uja umene adona ankaitanitsa ku Joni ndi kuukiyira m'kabati. Kekeyo ankaithira manyuchi a shuga n'kuisiya m'sitolo ya zakudya kuti imwe. Tsiku lina, ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndinapeza sitolo yosatseka. Ndinazula chidutswa cha pakona, n'kukachidyera kuseri kwa mtengo wa mapeyala. Adona ataona dzenje m'keke alendo ali kale pakhonde, anakalipa mpaka kumveka kumsewu. Bambo anangoti amene adya kekeyo ndi iwowo. Sabata isanathe tinali pa lole ndi katundu wathu, ulendo wa kwathu ku Chiradzulu. Ntchito ina yabwino sanaipezenso, ndipo mlongo wanga wamkulu sukulu anailekezera Fomu 2. Ine ndinangoti duu, ndipo kukhala chete kumeneko ndinakula nako.

Litatsala Loweruka limodzi kuti anyamuke, pobwera kuntchito ndinatsika basi m'tauni n'kugula mapaketi awiri a walinati. M'mawa mwake ndinawakhuthulira patebulo osanena kanthu. Bambo anaupapasa mtedzawo ndi zala, anaununkhiza. Kenaka anapempha sopo ndi epuloni. A Wilfred, amene amaona patali, anatenga mwana wathu Peace nati akukaona mabwato ku Liverpool, ngakhale kunja kunali mvula yawaziwazi.

Tinayamba ndi manyuchi: madzi, shuga, kamtengo ka sinamoni ndi makoko a lalanje. Atawira bambo anadonthezera pa sosa, nayesa kunanda kwake pakati pa zala ziwiri, nati tiike poto pawindo kuti azizire. Ine ndinatulutsa makina kuti ndigaye mtedza. Anandiletsa mwaukali, akuti izi si nsinjiro zotendera mpiru, mtedza uyenera kumveka pa dzino. Ndinaudula ndi mpeni mpaka mkono kuwawa. Sikelo anaikana. Nyenyeswa za buledi wouma ankayeza ndi chikhatho, batala ndi chala chachikulu. Mazira asanu ndi atatu anawalekanitsa okha, osaona bwinobwino, osataya dontho, ndipo zoyerazo anandipunthitsa mpaka mbale inatembenuzika osatayika kanthu. Ankanditcha mwana wa khukhi wopanda manja. Ndinaseka, koma mtima unali m'mwamba.

Keke italowa mu uvuni sanayang'ane wotchi. Fungo litasintha anangoti tulutsa. Anandigwira dzanja n'kulitsogolera kudula keke mopingasa ikadali yotentha, kenaka anandipatsa chikho cha manyuchi.

“Keke yotentha, manyuchi ozizira. Ukasokoneza zimenezi waphika phala.”

Ndinathira pang'onopang'ono, keke ikulira kuti tsss, mpaka poto yense anatha. Anati tsopano tiisiye maola anayi kuti imwe manyuchi, ndipo ameneyo ndiye anali mayeso enieni, poti panalibenso chogwira. Tinakhala m'khitchini, iwo pafupi ndi hita, ine ndikupukuta tebulo loyera kale. Ndinayamba nkhani ya mvula, n'kuyamba ya sutikesi yawo. Mantha anga anali akuti anyamuka atandida, komanso ndinkaopa kuti anyamuka osadziwa. Cha m'ma thili ndinagwada pambali pa mpando wawo monga ndinkachitira ndili mtsikana.

“Ababa, chidutswa cha ku Limbe chija ndinadya ndine.”

Sanadzidzimuke nkomwe. Anati anadziwa tsiku lomwelo, chifukwa diresi langa linali nyerere zokhazokha, ndipo analichapa okha kumpopi mayi asanalione. Apa ine ndinapsa mtima, ndisaname. Zaka zonsezi ndikudzidya ndekha, iwo akudziwa? Ndinawafunsa chifukwa chimene sanandikwapulire, nkhani n'kuthera pomwepo. Anayankha modekha kuti munthu wamkulu akatchedwa wakuba amasamuka n'kukayamba kwina, koma mwana dzinalo limamumatirira mpaka kumanda. Ndinalira ngati pamaliro, nkhope ili pa bondo lawo, iwo akungondisisita kumutu ndi dzanja lonunkha lalanje.

Nditatonthola anatsokomola pang'ono.

“Koma Edwina, tandiuza zoona. Inali yokoma?”

Ndinayesa akundiseka. Ayi ndithu, ankafunsa zenizeni. Zaka zonse zija manyuchi ankayesa ndi zala, keke ndi mphuno, ndipo mbale zinkabwera kuchokera kutebulo zitapukutidwa. Kulawa za patebulo kunali koletsedwa, ndipo iwo anasunga lamulolo. Anachotsedwa ntchito chifukwa chodya keke imene sanaiikepo mkamwa ngakhale tsiku limodzi.

Ndinadzuka, ndinatenga mpeni ndi mbale yabwino ya alendo, n'kuchotsa chidutswa cha pakona, pamene manyuchi amadikha kwambiri. Ndinkadziwa bwino lomwe zimene shuga ameneyo akachite m'magazi awo. Iwonso ankadziwa, n'chifukwa chake anafunsa ngati apolisi avomera. Ndinangoika mbale m'manja mwawo.

Foloko anaikankhira pambali. Anabenthula ndi zala, natafuna pang'onopang'ono maso ali otseka, manyuchi akuyenderera m'ndevu. Anadya chonse, mpaka kutola tinyenyeswa ndi nsonga ya chala. Atatha anaika mbale pamwendo, akugwedeza mutu.

“Ndiye kuti ndinkatha kuphika ine,” anatero.