Madzi Amene Dainess Ankataya

Dainess anakhala pabenchi la chipatala ku Chipata. Atate ake, a Jairos Mbewe, amene anaphunzitsa ana a ku Madzimoyo zaka makumi atatu, anali gone m'kati, pakamwa patakhota. Chigwereni m'mawa sanatulutse liwu ndi limodzi lomwe. Dokotala anali atanena kuti ndi matenda ofa ziwalo, ndipo zikadzachitikanso, mwina sadzalankhulanso.

Namwino Edita anadzakhala pambali pake.

"Amayi, timitsempha ta magazi ta mu ubongo timadyeka pang'onopang'ono, ngati khasu losiyidwa pamvula," anatero Edita. "Mankhwala asasiye. Komanso m'masamba ndi m'zipatso muli zinthu zothandiza kuteteza timitsemphato. Amadya masamba?"

Apa Dainess anawongola khosi. Pa ana onse asanu, ndani wina anasiya tauni kudzasamala nkhalambayi?

"Tsiku lililonse," anayankha. "Chibwabwa, bonongwe, chisoso. Mano awo anatha, ndiye ndimathira soda wokwanira, n'kuwiritsa mpaka afewe ngati phala. Madzi ake ndimataya, amawawa."

Edita anavula magalasi.

"Kwa nthawi yaitali bwanji?"

"Zaka zinayi."

"Soda ndi moto wautali zimawononga zambiri mwa zinthu zija, amayi. Zotsalazo zimapita ndi madziwo."

Zaka zinayi! Dainess ankadzukira kudimba mame asanaume, n'kumadzudzula alongo ake pafoni kuti sadziwa kusamala kholo, chonsecho iye ankathirira fumbi la kuseri kwa khitchini ndi madziwo, atate n'kumameza zotsalira. Anachita manyazi, kenako mantha.

"Ndiye kuti ndine ndawagwetsa?"

"Ayi. Pali ukalamba, pali kuthamanga kwa magazi. Koma pa mphikapo mukhoza kusintha lero lomwe."

Patatha masiku atatu dokotala analola kuti a Mbewe adye. Dainess anaphika chibwabwa kwa kanthawi kochepa chabe, popanda soda, nachisinja mu mtondo ndi madzi ake omwe. Anabwera nacho chili biriwiri, nagwada pambali pa bedi.

"Atate, yasamulani."

A Mbewe anatafuna ndi nkhama, nkhope itakwinyika. Milomo inalimbana nthawi yaitali, mpaka liwu linatuluka, lokhota koma lomveka.

"Si...chinapse."

Dainess anabweza supuni m'mbale. Anapukuta misozi ndi chitenje, natapanso.

"Inde, atate. Sichinapse. Yasamulaninso."