Chikhomo cha Mumchenga

Chaka chimene tinaika mkazi wanga ndinakhoma chikhomo chachitsulo mumchenga, pamene madzi a nyanja yamchere ankalekezera akadzaza. Ndinayeza ndi chingwe kuchokera pamanda ake kukafika pachikhomo, n'kumanga mfundo. Chingwecho ndinachisomeka kudenga la shedi yomwe ndimakonzeramo mabwato. Papita zaka makumi awiri ndi zitatu.

Chaka chino nyanja ikadzaza, chikhomo chija chimaima m'madzi ofika m'mawondo. Mtima wanga sunakhale pansi. Ndikayamba kupala thabwa ndinkalisiya, kupita kukachiyang'ana, kubwerako, kupitanso. Wochita zimenezi ndinkamudziwa: mlamu wanga, mlongo wake wa malemu, amene wakhala akundiumiriza kuti tifukule mafupa tikawaike kumtunda.

Lachiwiri m'mawa anabwera ndi mwana wanga wamkazi, amene ndi mphunzitsi.

"Alamu, munachisuntha liti?" ndinamufunsa.

"Chiyani?"

"Chikhomo. Mwachikokera kumadzi kuti mundiopseze."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Ine, ndi msana unowu? Ngakhale mpando amachita kundinyamulira."

"Bambo, si amalume ayi," anatero mwana wanga. "Dziko likutentha. Madzi oundana a kumaiko ozizira akusungunuka, komanso madzi akatenthedwa amafufuma. Nyanja ikukwera pang'onopang'ono, ndipo ikakwera chala chimodzi, pamalo afulati ngati ano imakokolola mchenga wambiri."

"Ine ndinalekezera sitandade folo, koma sindinaonepo ndowa yodzidzaza yokha," ndinatero. "Musandipusitse. Anthu a sukulu inu munatinamizapo kale."

"Ndiye yezani," anatero mlamu. "Chingwe chanu chotchuka chija mwadyera nsima?"

Ndinachitsitsa chili fumbi lokhalokha. Sindinalole wina aliyense kuchigwira. Ndinamangirira nsonga pamwala wa pamanda n'kuyamba kuyenda chafutambuyo. Mchenga wouma unatha msanga. Madzi anandigwira m'akakolo, kenako m'mawondo. Mfundo inakagwera pachikhomo penipeni, osapitirira, osaperewera.

Ndinayezanso. Kachitatu ndinakoka mwamphamvu kuti mwina chingwe chindinamizeko. Chinakana.

Nditakweza maso ndinaona chimene ndakhala ndikuchizemba: mzere wa zinyalala zimene mafunde amasiya unali mapazi asanu ndi awiri okha kuchokera kumiyendo kwa mkazi wanga. Munthu amene ankaopa madzi, wosakwerapo bwato langa ngakhale kamodzi.

Ndinatuluka m'madzimo buluku litanyowa. Mlamu sanasekenso.

"Makasu muli nawo angati?" ndinamufunsa.

"Awiri."

"Kawuzeni oyenera kuuzidwa, tisadikire mwezi wamawa. Koma woyamba kukumba ndine, ndipo simugwira kanthu ine ndisanaone."

"Malo akumtundawo ndinakonza kale, alamu."

"Mwakonza inuyo," ndinatero, ndikukulunga chingwe pachigongono. "Ndikayeza ndekha."