Madzi Amene Anakana Kufiira

Anti anadontheza madontho atatu a mankhwala m'kabotolo kagalasi n'kukagwedeza. Madzi aja anangokhala mbee. Anawonjezera awiri. Palibe chinasintha.

Anakweza maso pang'ono. Pa mabenchi onse a m'labu, ana asukulu anali atagwira timabotolo tofiirira ngati maswiti. Iye yekha, wamkulu pa olemba mayeso onse, ndiye anali ndi madzi oyera ngati akumwa.

Anawo ndiwo anamupatsa dzina loti Anti, popeza mwana wake woyamba anali wa msinkhu wawo. Kwa zaka khumi ndi ziwiri iye ankachapa zofunda za odwala pachipatala. Chaka chatha koleji ya anamwino inamubweza: maphunziro ena onse anakhoza bwino, koma popanda kemisitiri sakanamutenga. Zaka zake zinali zitafika pamalire, moti akanalephera ulendo uno khomo likanatsekeka. Mayeso olemba anali atathana nawo dzulo lake. Lero anali a manja.

Funso linali lomveka. Pima soda wa m'botolo limene wapatsidwa, donthezamo mankhwala kuti afiire, kenako thira asidi pang'onopang'ono mpaka kufiirako kuthe. Koma chithe n'chiyani pamene sichinayambe n'komwe?

"Ndalakwitsa ndine," anadziuza.

Anataya zonse, kutsuka kabotolo, kupimanso mosamala. Mbee! Wotchi ya pakhoma inali itadya kale mphindi makumi awiri. M'kufulumirako, dontho limodzi la m'botolo la soda lija linamugwera pachala. Analitikita kuti alipukute, kenako anaima. Soda amaterera ngati sopo. Ili silinaterere.

Anatenga kapepala kofiira koyesera, kamene kamasanduka kabuluu kakakhudza soda, n'kukaviika m'botolomo. Kanatuluka kofiirabe.

Kuti aitane woyang'anira, anafunika kukweza dzanja. Mayi wamkulu ngati iye, kutsutsa botolo la mayeso pamaso pa ana? Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Analikweza.

Woyang'anira mayeso, mayi wamfupi wa magalasi, anabwera nsapato zikugogoda pansi.

"Mwatani, mayi?" ananong'ona.

"Madamu, m'botolo ili mulibe soda."

"Werenganinso funso. Ine sindiloledwa kuphunzitsa munthu muno."

"Sindikupempha yankho, madamu. Ndikuti awa ndi madzi chabe."

"Ana makumi atatu onsewa zawo zatheka. Inu nokha ndiye botolo lakudani?"

Wina kumbuyo anaseka mobisa. Anti anamva makutu akutentha. Mtima unamuuza kuti angopepesa, alembe manambala ongoganizira, manyazi athe. Koma anatambasula manja ake, ouma ndi ong'alukang'aluka, pamwamba pa benchi.

"Madamu, manja awa akhala m'soda zaka khumi ndi ziwiri. Ngakhale munditseke m'maso ndingamudziwe. Onani kapepala aka. Ngati ndikunama, munditulutse."

Madamu aja anamuyang'ana kanthawi pamwamba pa magalasi. Kenako anatenga timapepala tiwiri tatsopano. Kamodzi anaviika m'botolo la pa benchi yoyandikana, ndipo kanasanduka kabuluu nthawi yomweyo. Kena anaviika m'botolo la Anti. Sikanasinthe.

"Imani kaye. Musagwire chilichonse," anatero, mawu atasintha. Analemba nthawi papepala n'kutuluka mofulumira.

Anabwerera ndi wosamalira labu, bambo wa imvi wovala jasi yoyera yotha kolala.

"Sizingatheke," bamboyo ankanena akulowa. "Mabotolo onsewa ndadzaza ndekha m'mawa uno."

Anayesa yekha. Anayesanso. Kenako anagwira pakamwa.

"Kalanga ine! Zigubu ziwiri zinagundizana pashelefu. Botolo lomaliza ndiye kuti ndathira kuchokera m'chigubu cha madzi."

Anathamanga ngati mnyamata n'kubweretsa botolo lina, atalinyamula ndi manja awiri. Anti anapima, nadontheza dontho limodzi lokha. Kufiira kunafalikira m'kabotolomo ngati utsi. Anangotsala pang'ono kufuula.

"Mphindi zimene mwataya ndikubwezerani zonse," Madamu anatero. "Pumani kaye, kenako muyambe."

Belu litalira, ana anatuluka, ena akumutukulira chala chachikulu. Anti anatsala yekha ndi Madamu. M'labu munangomveka kudontha kwa asidi. Dontho, gwedeza. Dontho, gwedeza. Kufiira kunazimiririka. Analemba nambala. Anabwereza kachiwiri, kachitatu, ndipo manambala onse anagwirizana ngati ana a mimba imodzi. Pamene Madamu ankati nthawi yatha, cholembera chinali chitagona kale pabenchi.

"Pali chinthu chimodzi," Madamu anatero, akumupatsa fomu. "Zoterezi zimapita kwa akuluakulu a mayeso. Lembani zimene zachitika. Musawonjezere, musachotsere."

Bambo wa labu uja anali ataima pakhomo, akupotokola batani la jasi yake.

"Mwana wanga," anatero, "zaka makumi atatu ndili m'labu muno, sindinachitepo zotere. Kwatsala miyezi inayi kuti ndipume pantchito. Ndikanakuphera tsogolo ndi dzanja langali."

"Tsoka silinunkha, bambo," Anti anayankha. "Ine ndinafiiritsapo mashiti makumi asanu a chipatala ndi sokosi imodzi yofiira. Mabwana anandinena sabata yathunthu."

Bamboyo anayesa kuseka, koma maso anali atalengeza misozi.

Anti analemba zoona zokhazokha: m'botolo munali madzi, iye anadandaula, anamusinthira. Anasinkhasinkha pang'ono, n'kuwonjezera mzere wina pansi pake, woti wosamalira labu anavomera yekha kulakwa kwake mosabisa, nakonza msanga, ndipo iye alibe dandaulo.

Madamu anawerenga n'kugwedeza mutu. "Kalembedwe kanu kakuwerengeka kwambiri, mayi. Udokotala ndiye simungauthe, paja madokotala amalemba zosawerengeka." Kenako anavula magalasi. "Ndinakuyankhani mwachipongwe paja. Pepani."

"Munabwera n'kuyesa, madamu. Wina akanangodutsa."

Atatuluka panja, dzuwa linamuthobwa m'maso. Anakhala pansi pa masitepe. Kugeti kunali mwamuna wake, telala, amene anatseka shopu yake kuti adzamudikire. Tepi yoyezera inali idakali m'khosi mwake.

"Anzako atuluka kalekale," anatero akuyandikira. "Ndimati mwina akusunga kuti ukhale hedimasitala."

Anti anayamba kuseka. Anaseka mpaka misozi, mwamunayo atangoima kukamwa yasa.

"Nanga ukuseka kapena ukulira? Zayenda bwanji?"

"Ndigwireni dzanja kaye, bambo a ana. Nkhani yake ndi yaitali, ndikuuzani m'njira."

Anamudzutsa, namusansa fumbi pasiketi.

"Ungondiuza chimodzi. Nsalu yoyera ya yunifolomu ndikagule?"

"Musathamangire. Zotsatira sizinatuluke."

Anayenda mpaka pageti. Apo Anti anaima, naponya chikwama pansi, n'kutambasula mikono yonse iwiri.

"Koma muyeso wokha mukhoza kutengeratu."