Chipewa cha ku Mgodi

Felistus anapeza mayi ake, a Salome, atagwada kuseri kwa nyumba yawo ku Chifubu, akufukula phulusa lonyowa ndi manja. Anali atangoika m'manda bambo ake a Felistus, a Festus, dzana.

"Amai, mufuna chani m'phulusa?"

"Mankhwala yanga. Ndani anasonkha moto pano?"

Anali azibambo apamaliro. Posowa pokhala, analambula malowo ndi khasu n'kusonkhapo moto. Timaluwa toyera tapakati pachikasu, timene tinali mankhwala a mayiwo, anatiyesa udzu, ndipo ndani angawadzudzule? Sankadziwa kuti mbewuyo a Festus anaipempha kwa sisitere wina kalekale, ndipo kuyambira pamenepo mutu waching'alang'ala unaleka kugoneka a Salome m'chipinda chamdima.

M'mawa uliwonse a Festus ankathyola masamba awiri owawawo, n'kuwabisa m'buledi kuti asatupitse m'kamwa, n'kuika patebulo osanena kanthu. Munthuyo mawu ankawaumira ngati ogula. Felistus anakula akukhulupirira kuti bambo ake sadziwa kukonda.

Masana mutu uja unabwerera. A Salome anagona atadzimanga chitenje kumaso, akubuula. Felistus anazungulira msika wonse, koma palibe amene ankaudziwa mtengowo. Anabwerako chimanjamanja, mtima ukumupweteka.

M'mawa mwake achibale anagawa zovala za malemu. A Amos, mng'ono wawo, anakana jekete.

"Awe, ine nifuna chabe chipewa cha ku mugodi. Chili kuti, mulamu?"

"Anachipachika mu mtengo wa mango," anayankha a Salome motsitsa mawu. "Sabata yomaliza ija anakwera pa mpando, miyendo ili njenjenje. Ninawakalipira maningi, osati pang'ono."

A Amos anakachitsitsa, nadabwa kulemera kwake. Chipewa cholimbacho, chimene malemu ankavala pa ntchito ya mumgodi, chinali chobooledwa pansi, chodzaza dothi. Munali timbande tisanu ta mankhwala aja, tobiriwira ndi mvula.

A Salome anachotsa chitenje kumaso. Anayang'ana nthawi yaitali, misozi ili chuchuchu.

"Analambula pa maliro yambiri, aja," anatero. "Anadziwa vamene muzachita."

A Amos anaika chipewacho pamiyendo ya mlamu wawo, n'kutola jekete anaikana ija.

Felistus anachita manyazi, ndipo analira koposa mmene analirira kumanda. Kenako anapukuta maso, nathyola masamba awiri. Anacheka buledi, nabisamo masambawo, nauika patebulo osanena kanthu.