Akulu Akanena Thamanga

Rodwell sankaukonda mpira umenewu poyamba. Mpira wanji wosongoka uku ndi uku ngati papaya, woti anthu avale zisoti n'kumagundana, kenako onse n'kuima kaye kukapangana? Koma mwana wake Lusayo, amene anafika ku Perth ali kale wosinkhuka, anaulowa mpira wa ku America ndi mtima wonse, ndipo odziwa anati mnyamatayo ali ndi dzanja. Iyeyo ndiye anali woponya: ankayamba kulandira mpira, n'kuuponya kutsogolo kapena kuupereka kwa mnzake kuti athamange nawo.

Rodwell anayamba kuukonda tsiku limene koleji ina yaing'ono ya ku America inati ikufuna woponya mmodzi, adzaphunzire mwaulere. Viza yawo sinkalola Lusayo kulowa yunivesite ya kuno pa mtengo wa eni dziko, ndipo zimene Rodwell ankapeza ponyamula katundu ku Kewdale, kuphatikiza za mkazi wake Philomena wosamalira nkhalamba ku Midland, sizikanafika n'komwe. Khomo linali limodzi lomwelo. Likatsekeka, Lusayo ankayenera kupita kukakweza makatoni limodzi ndi bambo ake.

Ndiye kunabwera korona, malire n'kutsekedwa kuti gwa. A ku America sakanatha kubwera, Lusayo sakanatha kupita kukayesedwa. Mwayi unali woti ku Perth mpira unkaseweredwabe, choncho a koleji anati awatumizire kanema wa masewera athunthu, osadula pabwino pokha.

Timu ya Lusayo inali ndi makochi awiri oyang'anira zomwetsa zigoli, ndipo ankagwirizana ngati mphaka ndi galu. Wamkulu anali Sunday, wa ku Zambia, amene anaphunzirapo ku America. Sunday ankakhulupirira kuthamanga ndi mpira pakati penipeni, pang'onopang'ono, mpaka adani atope. Chilichonse ankalamula yekha ali kunja kwa bwalo, pogwira khutu kapena kusisita pachifuwa, ndipo anyamata ankangochita. Womuthandiza anali Davide, mwana wa asodzi a ku Fremantle, munthu wosakhazikika. Iye ankafuna anyamata abalalike bwalo lonse, mpira uziuluka, ndipo woponya akaona kuti adani aima mopusa asinthe yekha zimene kochi wanena. Anauza Lusayo kuti asankhe mawu a kwawo oti adani asamve, azikuwa akafuna kusintha. Lusayo anasankha "chigumu", moti azungu onse a m'timumo anaphunzira kuti akamva chigumu ndiye kuti mpira ukupita m'mwamba.

Rodwell sanavutike kusankha mbali. Sunday ankamupatsa moni ndi manja awiri, kufunsa za amayi kunyumba. Davide ankalola tiana tamamina kumutchula dzina, n'kumamumenya paphewa ngati mnzawo wa kudambwe. Munthu wotero angalere mwana wa munthu?

Loweruka lina Lusayo anakuwa chigumu chakecho, n'kuponya, mpira n'kugwidwa ndi mdani. Masewera atatha Sunday anakokera Rodwell pambali.

"Ba Rodwell, uyu mwana ali na kwanja, nizamufikisa kutali. Manje ayamba kunvela uja muzungu. Ine nikamba thamanga, eve aponya. So nizamuthandiza bwanji?"

Rodwell anachita manyazi mpaka thukuta. M'galimoto sanadikire kuti atuluke pageti.

"Iwe, unayamba liti kukonza mawu a akulu?"

"Dad, Coach Davide anati ndikaona kuti..."

"Ndani dadi wako? Ine ndinakulera kuti uzitsutsa munthu wamkulu pagulu? A Sunday anakafika ku America komweko, iwe unafika kuti? Akulu akanena thamanga, umathamanga. Ukalakwa uli womvera, mlandu ndi wawo."

"Ndamva, bambo."

Philomena atamva nkhaniyo anangoti, "Bambo a Lusayo, mpirawu mumaudziwa inu?" Rodwell anati mpira saudziwa koma mwana amamudziwa, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Tsiku lojambula kanema linali lotentha kwambiri, udzu wa pabwalo utauma ngati wa mu Okutobala kwathu. Owonera anakhala motalikirana, ena masiki ali pachibwano. Rodwell anaima pafupi ndi mzere, atavala malaya a kutchalitchi ngati kanemayo akujambula iyeyo.

Lusayo anasewera mwaukhondo. Sunday akagwira khutu, mpira unkapita kwa wothamanga. Nthawi zochepa zimene analamulidwa kuponya, mpira unkachoka m'dzanja mwake molunjika mpaka Rodwell kumva kukoma pakhosi. Koma adani sanali zitsiru. Ataona kuti timuyi imangobwera pakati, anayamba kuunjikana pakati pomwepo.

Chakumapeto timu ya Lusayo inali kumbuyo pang'ono, nthawi ikutha. Sunday anagwiranso khutu. Adani onse anathithikana kutsogolo kwa mpira, ndipo kumbali ya kumanzere mnyamata wina wamtali wa timu ya Lusayo anatsala yekhayekha, popanda womulonda, akugwedeza dzanja. Ngakhale Rodwell, wosadziwa mpira, anaona. Davide ankadumpha kunja kwa mzere, akukuwa ndi lilime lake lolemeralo, "Chigumu, mate! Chigumu!"

Lusayo anatembenuza mutu kumanzere. Anamuona mnzakeyo, ndipo Rodwell anaona kuti wamuona. Kenako chisoti chija chinatembenukira kunja kwa bwalo, osati kwa Sunday, osati kwa Davide, koma pamene panaima malaya a kutchalitchi. Lusayo anawerama, analandira mpira, n'kuupereka kwa wothamanga. Mnyamatayo sanapite ngakhale phazi limodzi, anthu anamugwera mulu.

Davide anaponya chipewa pansi. Sunday anati vuto ndi otchinga, anyamata otsegulira wothamanga njira, sanakankhe mokwanira. Rodwell anadziuza kuti kuluza ndi gawo la masewera, ndipo a ku America aona okha kuti mwanayu ndi wophunzitsika.

Yankho linabwera patapita milungu, m'mawa wina Rodwell asananyamuke kupita ku Kewdale. Kochi wa kolejiyo, mayi wina dzina lake Katherine amene ankasankha osewera akunja, anaimba foni ya kanema. Anakhala atatu pa tebulo, Philomena ali kale mu yunifolomu. Mayiyo analankhula mokoma, moti Rodwell anadziwiratu kuti zinthu sizili bwino. Anati dzanja la Lusayo ndi labwino kuposa la ena onse amene anawaona. Koma anati m'kanema yense sanaone mnyamatayo akusintha kanthu ngakhale kamodzi. Anaonetsa malo aja, mnyamata wamtali akugwedeza dzanja, n'kuimitsa chithunzi pamene mutu wa Lusayo unatembenukira kumanzere.

"Apa unamuona. Bwanji sunaponye?"

Lusayo anayang'ana patebulo. "Coach anali atanena kale."

Katherine anati kwawoko bwalo limasokosera moti woponya sangamve kochi, ndipo iwo amafuna munthu woti akaona yekha achite yekha. Akanakhala kuti malire ndi otsegula akanamuitana sabata imodzi kuti amuyese maso ndi maso, mwina akanaona zina. Koma anayenera kusankha ndi zimene zili m'kanema, ndipo malowo anapatsa wina.

Rodwell anayesa kulowererapo ndi Chingerezi chake cha kuntchito, kuti mwanayu ndi waulemu, sayankha akulu, sanavutepo ndi kamodzi komwe. Mayiyo anamwetulira nati zimenezo zikuoneka, ndipo makolo ayenera kunyadira. Foni inaduka. Philomena anatenga chikwama chake n'kutuluka osayang'ana mwamuna wake.

Chaka chotsatira panalibenso za kanema. Koleji ija inali itapeza munthu, zina sizinkayankha, ndipo Lusayo zaka zinali zikumupitirira. Sunday anati a ku America a masiku ano awononga mpira. Davide anasiya timuyo n'kukayamba kuphunzitsa ina kufupi ndi kwawo, ndipo anatumiza uthenga woti Lusayo akafuna apite, ngakhale sakulonjeza chilichonse. Malire anadzatsegulidwa anthu n'kumalira pabwalo la ndege, koma kwa Rodwell anatsegukira chabe. Lusayo anali atayamba kale ntchito ku Kewdale, ndipo abwana ankamuyamikira kwambiri kuti samafunsa kawiri.

Kuyamikirako n'kumene kunkamupweteka Rodwell. Tsiku lina pa nthawi yopuma anamupeza mwanayo atakhala pa phaleti, thabwa loikapo katundu, kuseri kwa nyumba yosungira katundu, sitima ya makontena ikudutsa pang'onopang'ono. Anakhala pambali pake. Kupepesa kwa mwana sanakuphunzire, ndiye anazungulira.

"A Davide aja akuti ukhoza kupita kwawo."

"Eya, bambo."

"A Sunday nawonso akuti malo ako alipobe. Kapenanso ukhoza kungousiya mpirawo. Zonse zili ndi iwe tsopano. Ine sindinenanso kanthu."

Lusayo ankapotokola magolovesi m'manja.

"Ndikufunsa iwe, Lusayo. Mtima wako ukufuna chiyani? Lankhula, sindikalipa."

Mnyamatayo anadzutsa mutu n'kuyang'ana nkhope ya bambo ake, osati m'maso, koma chapakamwa, chapamphumi, mofufuza. Rodwell anakuzindikira kuyang'anako. Mwanayo sankaganiza za Davide, kapena Sunday, kapena mpira. Ankafunafuna pankhopepo yankho limene bambo ake akufuna kumva, kuti alinene. Rodwell anaumitsa nkhope dala kuti isaonetse kanthu, ndipo anadikira.

Belu loti anthu abwerere ku ntchito linalira. Lusayo anaimirira, n'kuvala magolovesi ake.

"Mundiuza madzulo, bambo, mukaganiza."