A kwa Bettencourt Sasambira

Dzina la mwana wanga Nélia linatuluka pa mayere kumayambiriro kwa Malichi, chisanu cha kuno ku America chisanathe. Sukulu ya sekondale yophunzitsa za m'nyanja ija, imene ili tsidya lina la doko, siyilembetsa mayeso olowera. Ana a m'matauni onse a m'mbali mwa gombe amangopereka mayina, makina n'kusankha. Anatiitana kuti Loweruka tikaone sukuluyo, ndipo pofika Lachisanu lotsatira tikhale titayankha ngati malowo tikuwafuna, apo ayi apita kwa mwana wina.

Mwamuna wanga Duarte anali panyanja, pa boti lokokola nkhono, ndipo sabata imeneyo sakanabwera. Ndiye tinapita ndi bambo anga, a Silvino Bettencourt, amene timakhala m'nyumba mwawo. Sindinawaitane. Ndinangowapeza ali kale pa chiwongolero, atavala jekete yawo yakuda ya kumaliro.

"Agogo, kumene tikupitaku sikunafe munthu," anatero Nélia.

"Lowa iwe. Ndikufuna ndikawaone anthu ophunzitsa nyanja atakhala pamtunda."

Ine sekondale ndinaimaliza ndili kale mayi, ku sukulu yamadzulo, ndikaweruka ku fakitale yolongedza nsomba. Mpaka lero ndikalowa pa sukulu ndimatchera khutu kwambiri, kuopa kuphonya mawu amene angadzatipweteke mtsogolo. Tsiku limenelo ndinayenda pafupi penipeni ndi mphunzitsi amene ankationetsa malo, Mayi Whitcomb, mzimayi wamtali wa imvi, atavala nsapato za mphira ngati za ku ntchito kwathu.

Anatilowetsa m'holo yodzaza mathanki momwe ana amaweta nsomba kuyambira zili mazira. M'mawa uliwonse amayeza mchere ndi kutentha kwa madzi, ndipo ngakhale pa tchuthi amasinthana kubwera kudzazidyetsa. Anationetsa labotale, n'kufotokoza kuti maphunziro ena a chaka chomaliza yunivesite imawawerengera ngati ake. Fizi kulibe. Basi imadzatenga mwana pafupi ndi kwawo. Makolo ena ankafunsa za mpira ndi za chakudya chamasana. Nélia anangomata nkhope pa galasi la thanki, ndipo ndinaona makutu ake atafiira, monga amachitira akafunitsitsa chinthu.

Chinalipo chipinda china chomangidwa ngati mowongolera sitima, mawindo ake ali makanema oonetsa doko lathu lomweli. Mayi Whitcomb anawazindikira bambo, poti pa doko palibe amene sawadziwa, ndipo anawapempha kuti ayese. Bambo anagwira chiwongolero ndi dzanja limodzi, monyada. Pasanapite nthawi sitima ya pa kanemayo inakagunda khoma la doko.

"Agogo, mwapha anthu onse," anatero Nélia.

"Boti losanunkha dizilo si boti. Munthu angasanze bwanji m'menemu?"

Anthu anaseka, inenso mtima unayamba kukhala pansi. Kenako tinafika m'chipinda chomaliza. Pakhoma panapachikidwa zovala za mphira zamtundu wa lalanje, zokuta munthu kuyambira kumutu mpaka kuphazi, zopulumukira boti likamamira. Boti la Duarte nalo lili nazo m'matumba.

"Sukulu ili ndi boti lake," anatero Mayi Whitcomb. "Mwana aliyense amapita nalo panyanja, kutentha kapena kuzizira, kukatunga madzi oyeza ndi kuwerenga nsomba. Koma asanapondemo, sabata yoyamba yeniyeniyo, timakamulowetsa m'dziwe losambirira la tauni, kozama, ali ndi zovala zake. Ndimafuna ndione ndi maso anga kuti samira. Alipo amene sadziwa kusambira?"

Palibe anakweza dzanja. Mayi Whitcomb anayang'ana Nélia n'kumwetulira.

"Mdzukulu wa a Bettencourt ndiye sindimufunsa n'komwe. Ameneyu anabadwira m'madzi."

Nélia anagwedeza mutu kuvomera.

Kwathu sitisambira. Anthu a kumtunda zimawavuta kumvetsa. Agogo a bambo anga ku chilumba cha São Jorge, kumene banja lathu linachokera, anali asodzi ndipo sankasambira, bambo sasambira, Duarte sasambira, ine sindinalowepo m'madzi opitirira m'mawondo. Akuluakulu ankati boti likagubuduzika kutali m'nyengo yozizira, wodziwa kusambira amangotalikitsa imfa yake, komanso munthu woopa madzi amasamala boti. Bambo ali ndi chifukwa chinanso. Mng'ono wawo Amaro anaphunzira kusambira mobisa atafika kuno ku America. Tsiku lina boti lawo laling'ono linagubuduzika pafupi ndi khomo la doko. Bambo anakakamira pa botilo mpaka anthu anadzawatola. Amaro anaona nyumba za kumtunda zili pafupi n'kuyamba kusambira. Anakam'peza mawa lake pamiyala. Chifukwa chake Nélia, ana anzake akamapita kudziwe, iye ankatsala kunyumba ndi agogo ake akusoka maukonde.

Pobwerera, titangowoloka mlatho, mkangano unayamba m'galimoto.

"Sapita," anatero bambo.

"Ndipita."

"Wamunamiza mayi uja pamaso panga."

"Nanga ndikanati chiyani, agogo? Kuti ndife asodzi oopa madzi? Anthu onse aja akumva?"

"Ukanati ndife asodzi amoyo."

Ndinam'funsa Nélia kuti sabata yoyambayo akufuna akatani. Anayankha akuyang'ana pawindo.

"Ndidzangolumphiramo. Agalu amaphunzitsidwa ndi ndani?"

Mawu amenewa ndi amene anandisowetsa mtendere. Mwana wangayo ndimam'dziwa, akanalumphiradi. Lamlungu ku tchalitchi sindinamve ulaliki. Lolemba ku ntchito ndinadzicheka chala ndi mpeni umene ndaugwira zaka zambiri. Ndikatseka maso ndinkaona mutu wake ukulowa m'madzi, anzake ataima m'mbali akuganiza kuti akusewera.

Kusaina ndikanatha kusaina ndekha, mwanayo ndi wanga. Koma bambo ndi amene anam'lera masana onse ine ndili ku fakitale, madzulo ndili m'kalasi, ndipo sindinafune kuwadumpha ngati mpando. Komanso sindinali wotsimikiza kuti akulakwa. Anthu amene ankatiseka kuti sitisambira sanakatolepo m'bale wawo pamiyala. Kwinaku ndinkaopa kuti ndikakanena zoona ku sukulu, malowo awapereka kwa wina, ndipo Nélia sadzandikhululukira.

Lachiwiri nditaweruka ndinakwera basi kupita ku sukulu kuja, ndisanasambe n'komwe fungo la nsomba. Mayi Whitcomb ndinawapeza akutsuka thanki. Ndinayankhula mwachangu, kuopa kuti mtima ungandibweze.

"Mwana wanga sadziwa kusambira. Anachita manyazi. Musam'lande malo."

Anatseka mpopi n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Wolakwa ndine. Ndinamuyankhira ndisanamufunse," anatero. "Malo palibe angam'lande, mayere ndi mayere. Koma sindikubisirani, mayi. Ngati madzi akumuopsa mpaka kusokonezeka mutu, m'boti sakwera, ndipo kuno theka la maphunziro limachitikira m'boti. Adzavutika. Bwerani naye Lachinayi masana kudziwe, kumakhala kopanda anthu. Tione kaye musanayankhe."

Madzulo ake ndinaphika msuzi wa masamba ndi soseji umene bambo amaukonda, ndipo ndinaulula zonse patebulo. Nélia anataya supuni.

"Amayi, mwandiyalutsa."

"Ndakuyalutsa kwa munthu mmodzi. Iwe umafuna kukamira pamaso pa kalasi yonse."

Bambo anamaliza msuzi wawo, anapukuta mbale ndi buledi, n'kutuluka kupita ku shedi. Lachitatu lonse sanandiyankhule. Ndinaganiza zoyitana takisi yotitengera kudziwe.

Lachinayi masana ndinawapezanso ali pa chiwongolero. Ulendo uno anavala juzi yawo ya kuntchito, ndipo pawindo la kumbuyo panatulukira ndodo yaitali ya ngowe, imene asodzi amakokera nayo chingwe kapena nsomba yaikulu m'boti.

"Agogo, chimenecho n'cha chiyani?"

"Cha nsomba yopusa."

"Simulowa nacho. Ndikukuuzani, ndithawa."

"Thawa. Ndiye tabwerera kunyumba, nkhani yatha."

Analowa nacho. M'dziwemo munali fungo la mankhwala ndi kutentha kotopetsa, ndipo madzi ake ankaoneka mpaka pansi, zimene zinandiopsa koposa. Mayi Whitcomb anali kale m'madzi. Anayang'ana ndodo ija, n'kuyang'ana bambo.

"Bambo Bettencourt, chitsulocho chingam'boole mwana."

"Ndachikulunga," anatero bambo, akuonetsa nsanza zimene anamanga pa ngoweyo ndi tepi yakuda.

"Chabwino. Koma mukam'patsa, mum'patse mbali ya mtengo."

Nélia anatsika pa makwerero atavala kabudula ndi malaya a mpira. Madzi atam'fika pachifuwa, milomo yake inayera. Ine ndinaima kutali ndi m'mphepete, msana uli kukhoma, chikwama nditachikumbatira.

"Mukufuna mum'phunzitse kuthamangira kumtunda," anatero bambo. "Ndinaonapo mathero ake."

"Ayi. Mwana wanga aliyense ndimamuuza kuti akagwera m'nyanja asayese kupita kumtunda. Madzi ozizira amatha mphamvu munthu asanafike. Agone chagada, apume, adikire."

"Adikire ndani?"

"Amene ali m'boti. Lero ndi inu."

Bambo anasendera m'mphepete, nsapato zawo zili pa madzi otayikira, ndodo ataigwira ndi manja awiri.

Mayi Whitcomb anaika dzanja kunsi kwa msana wa Nélia n'kumugoneka pang'onopang'ono, akumutengera kozama. Madzi atalowa m'makutu, mwanayo anadzidzimuka. Anapinda thupi, miyendo inapita pansi, ndipo sinapeze poponda. Mutu unalowa. Mphunzitsiyo anali atam'gwira kale m'khwapa, koma ndodo ya bambo inafika nthawi yomweyo, ndipo Nélia anaikakamira. Bambo anam'kokera m'mphepete akutsokomola, madzi akutuluka m'mphuno.

"Basi, zakwana," ndinatero. "Tiyeni kunyumba. Sukulu zilipo zambiri."

Ndinanena kuchokera pansi pa mtima. Nthawi imeneyo ndinali kumbali ya bambo, ndipo ndinayembekeza kuti amutulutsa okha. Koma iwo anagwada pa simenti yonyowayo, mawondo awo okalamba aja akulira.

"Ukulimbana nawo madziwo chifukwa chiyani?" anam'funsa. "Ndi anzako?"

"Akundilowa m'makutu, agogo."

"Alowe. Ine anandilowa m'makutu kuyambira masana mpaka dzuwa kupendeka, ndili pano. Sindinachite kanthu tsiku lija. Ndinangogwira n'kudikira. Iwe ulesi uli nawo wokwanira, mbale sutsuka. Ugwiritse ntchito."

Nélia anaseka akutsokomolabe. Kenako anasiya ndodo.

Ulendo wachiwiri bambo anaitambasula ndodoyo pamwamba pa nkhope yake, osamukhudza, kuti aziiona. Mayi Whitcomb ankayankhula motsitsa, kumuuza kuti akweze mimba, atambasule manja, ayang'ane kudenga. Ndinaona dzanja la mphunzitsiyo likuchoka kunsi kwa msana, n'kutuluka m'madzi, lonse, zala zili poyera. Nélia sanadziwe. Anagona pamenepo, tsitsi litamwazika, chifuwa chikukwera ndi kutsika mofulumira, kenako pang'onopang'ono. Ndodo ija bambo sanaitsitse.

"Mwandigwirabe?" anafunsa Nélia.

"Ndinakusiya kalekale," anatero Mayi Whitcomb.

Atamva zimenezo anamiranso, n'kugwira ndodo. Koma anatuluka akutukwana, osati akulira, ndipo anapempha kuyesanso.

Potuluka Mayi Whitcomb anandiuza kuti ntchito ikadalipo yambiri, kuti kuyandama m'dziwe lofunda si kuyandama m'nyanja, ndipo mwanayo azibwera Loweruka lililonse mpaka sukulu itsegulidwe. Sanalonjeze kuti sabata yoyamba ija adzapambana. Ndinawathokoza chifukwa chosalonjeza.

Pobwerera Nélia anagona kumpando wakumbuyo, tsitsi lili lonyowa, ndodo ili pamiyendo pake. Ine ndinkaganiza za Duarte, kuti ndidzamuuza bwanji akatsika m'boti, komanso za zaka zimene zikubwerazi, pamene m'nyumba mwanga mudzakhale anthu awiri oti ndizimvetsera nyengo pa wailesi chifukwa cha iwo. Mantha sanachoke. Anangosintha malo.

Tili pa mlatho bambo anatsokomola.

"Graciete," anandiitana.

"Bambo."

"Basi ya sukuluyo imaima pati?"

"Pa tchalitchi."

"Kumazizira pamenepo m'mawa. Ndizimuperekeza pa galimoto." Anayendetsa mpaka kutsika mlatho. "Loweruka ndodoyi ndibwera nayonso. Umuuze mayi uja asadabwe."

Lachisanu pa nthawi yopuma ndinavula magolovesi, ndinatuluka panja pa fakitale pomwe makina samveka, ndipo ndinaimba foni ku sukulu kuti malowo tikuwafuna.